Za Kuweta Mbira: Phunziro kwa Woyamba Kumene

Kawirikawiri mbira imalowa pakhomo mosayembekezeka. Mwana abwera nayo m'katoni, atasinthanitsa ndi nkhunda kwa mnzake kapena atapatsidwa ndi amalume ake, ndipo makolo, poona kuti kanyamako nkofatsa, sikaluma ndiponso sikasokosa usiku, avomera kuti kakhale. Tsono kaikidwa m'khola lakale la akalulu, kapatsidwa madeya ndi mkute, ndipo onse ayesa kuti nkhani yatha. Patapita masabata atatu kapena anayi kanyama kaja kayamba kutsimphina, ubweya uli nyankhalala, kaleka kuthamangira chakudya, ndipo tsiku lina m'mawa kapezeka katauma. Mwana alira, akulu nati, "Mbira nzosalimba, zimangofa zokha."

Mawu amenewa si oona. Mbira yosamalidwa bwino imakhala zaka 5 kufikira 7, ndipo zina zimapyola pamenepo. Chimene chimaipha msanga ndi chakuti woweta watsopano amaiyesa kalulu wamng'ono, naimangira khola la kalulu, naidyetsa ngati kalulu, ndipo ikadwala aipatsa mankhwala a nkhuku. Komatu mbira si kalulu. Thupi lake lili ndi malamulo akeake, ndipo makolo ndi aphunzitsi, amene ana amawafunsa zinthu zotere, achita bwino kuwadziwa malamulowo.

Kwawo kwa mbira

Dzina lakuti mbira limatchula nyama ziwiri. Ina ndi mbira ya m'matanthwe, imene nthano ya makolo imati idasowa mchira chifukwa chotuma anzake pa tsiku logawa michira. Ina ndiyo yoweta, imene akatswiri amaitcha Cavia porcellus. Ziwirizi zifanana pa maonekedwe, pakuti zonse nzathupi lobulungira, zamakutu aang'ono ndi zopanda mchira wooneka, koma pa chibale zili kutali ndithu: ya m'matanthwe ili pafupi ndi njovu, pamene yoweta ili m'gulu la mbewa, makoswe ndi nungu.

Mbira yoweta idachokera ku mapiri a Andes, ku South America, m'maiko amene lero atchedwa Peru, Bolivia ndi Ecuador. Anthu a kumeneko adayamba kuiweta zaka zikwi zingapo zapitazo, ndipo kufikira lero amaisunga m'khitchini momwe, naidya pa masiku a chikondwerero. M'tchalitchi chachikulu cha mzinda wa Cusco muli chithunzi cha Mgonero Wotsiriza wa Ambuye chimene adajambula Marcos Zapata cha m'ma 1753, ndipo m'mbale ya patebulo muli kanyama kootcha kamene ambiri amati ndi mbira. Amalonda a panyanja adaitengera ku Ulaya m'zaka za m'ma 1500, ndipo m'kupita kwa nthawi idafika ndi kuno ku Africa.

Mbiri imeneyi ili ndi ntchito kwa woweta. Makolo a mbira adali nyama za kumalo ozizirirapo, zodya udzu tsiku lonse, zokhala m'magulu, ndi zopulumuka kwa adani mwa kubisala. Zofuna zonse za mbira ya m'khola zichokera pa zinthu zinayi zimenezi.

Mbira imodzi ndi mbira yosauka

Cholakwa choyamba ndi kutenga imodzi yokha. Mbira yokhala payokha imakhala ndi mantha, idya pang'ono, ndipo ithera tsiku pakona ili duu. Dziko la Switzerland lidaona kuti nkhaniyi njaikulu, kotero kuti mu 2008 lidaika lamulo loletsa kuweta mbira imodzi yokha. Tsono woyamba kumene atenge ziwiri, ndipo ngati cholinga chake ndi kusangalatsa ana chabe, zikhale zazikazi zokhazokha, kapena zazimuna ziwiri zimene zidakulira pamodzi. Zazimuna zimamvana bwino kukakhala kuti palibe yaikazi pafupi. Ikangofika yaikazi, nkhondo iyamba.

Kalulu sayenera kukhala mnzake wa mbira. Miyendo yake yam'mbuyo njamphamvu, ndipo akaponda kamodzi angathe kuithyola msana. Ndiponso akalulu ambiri amanyamula m'mphuno mwawo kachilombo kotchedwa Bordetella, kamene kawirikawiri sikawadwalitsa iwo eni, koma kwa mbira kamabweretsa chibayo.

Khola

Mbira ndi nyama yapansi. Siikwera ngati khoswe, siidumpha ngati kalulu, ndipo siikumba. Chimene ifuna ndi bwalo lothamangamo. Khola la mbira ziwiri lisachepere masentimita 120 m'litali ndi 60 m'lifupi, ndipo likakula koposa apo ndiye bwino. Chipupa cha masentimita 40 chikwanira kuti mbira isatuluke, koma sichikwanira kuti mdani asalowe. Mphaka, galu, likongwe, njoka ndi kabawi onse amaifuna, ndipo khoswe amadya ana ake usiku. Choncho khola liyenera kutsekedwa ndi waya wa maso aang'ono m'mbali ndi pamwamba pomwe. Pa nyengo ya linthumbwi, woweta athire phulusa kuzungulira khola, chifukwa nyama yotsekeredwa ilibe kothawira.

Mbali imene makola a akalulu amalakwira mbira kwambiri ndi pansi. Amisiri ambiri amaika waya kapena nsungwi zotalikirana kuti zitosi zizigwera pansi. Mapazi a mbira ngaang'ono, ndipo kunsi kwake kulibe ubweya wochinjiriza. Ikaponda pa waya masiku ambiri, mapazi atupa nachita zilonda zovuta kupola, ndipo mwendo ungakodwe m'bowo ndi kuthyoka. Pansi pakhale pa matabwa ogundana, pa simenti kapena pa njerwa, ndipo payalidwe udzu wouma kapena makoko a chimanga. Utuchi wosalala ngati ufa suyenera, pakuti umalowa m'mphuno ndi m'maso. Pamene panyowa ndi mkodzo pachotsedwe tsiku ndi tsiku, ndipo kamodzi pa sabata khola lonse lisesedwe ndi kuyalidwa mwatsopano. Munthu akaweramira m'khola namva fungo loswa mphuno, adziwe kuti mbira, imene mphuno yake ili pafupi ndi pansi, yakhala ikupuma fungolo usana ndi usiku. Zosesedwazo zisatayidwe, ndi manyowa abwino a m'dimba.

Mbira iliyonse ifuna pobisala pakepake. Mphika wakale wosweka kukamwa, wovundikiridwa pansi, uchita bwino koposa katoni, chifukwa sutafunika ndiponso umazizira m'kati.

Kutentha ndiye mdani amene ambiri samuganizira. Mbira imakondwa pamene mpweya uli pakati pa madigiri 18 ndi 24. Ilibe thukuta lodziziziritsira, kotero kuti kutentha kukapyola madigiri 28 moyo wake uli pangozi. Khola la denga la malata loima padzuwa mwezi wa Okutobala lingathe kupha mbira zonse masana amodzi, makamaka kumadera otsika monga Nsanje, Chikwawa ndi m'mbali mwa nyanja. Liikidwe pamthunzi podutsa mphepo, lifoleredwe ndi udzu, ndipo pa masiku otentha kwambiri payalidwe chiguduli chonyowa pamwamba pake. Mbira ikagona chafufumimba, ikupuma mofulumira ndi kutuluka dovu, itengeredwe pozizira msanga, ndipo makutu ndi mapazi ake anyowetsedwe ndi madzi a mumtsuko. Kuzizira kwa Juni ndi Julayi, ngakhale kwa ku Dedza, sikuivuta kwambiri malinga khola likhale louma, lotchingidwa ku mphepo, ndi la udzu wambiri wolowamo. Chinyezi cha chiperoni chikalowa m'khola, chifuwa sichichedwa.

Chakudya

Chakudya chenicheni cha mbira ndi udzu, ndipo uyenera kupezeka m'khola nthawi zonse, usana ndi usiku. Pali zifukwa ziwiri. Choyamba ndi mano. Mbira ili ndi mano 20, ndipo onsewo, akutsogolo ndi am'mbali omwe, amakula moyo wake wonse. Chimene chimawapera ndi kutafuna udzu kwa maola ambiri. Mbira yodya zofewa zokhazokha, monga phala, nsima kapena madeya onyowa, mano ake am'mbali amatalika napindika mpaka atsekereza lilime, ndipo ifa ndi njala chakudya chili pamaso pake. Chachiwiri ndi matumbo. Matumbo a mbira adapangidwa kuti aziyenda kosalekeza. Ikakhala theka la tsiku osadya kanthu, amayamba kuima, mimba ifufuma, ndipo imfa ili pafupi. Mbira siitha kusanza, choncho chimene yameza chiyenera kudutsa njira yonse.

Udzu wa kapinga, nsenjere yanthete, masamba a chimanga ndi a nthochi, kholowa ndi chisoso, zonsezi mbira imazidya bwino. Udzu usamwetedwe m'mphepete mwa msewu, kapena pamene agalu amadzithandizira, kapena m'munda wopoperedwa mankhwala. Udzu wauwisi ukaunjikidwa m'thumba nuyamba kutentha, wawola kale ngakhale ukuoneka wobiriwira, ndipo utupitsa mimba. Woweta wanzeru amamweta udzu wambiri kumapeto kwa dzinja, naufutsa pamthunzi, nausunga pouma, kuti ukathandize m'chilimwe pamene tchire lapsa. Chakudya chilichonse chatsopano chiyambidwe pang'onopang'ono.

Koma udzu wofutsa pawokha sukwanira, ndipo apa ndi pamene pagona chinsinsi cha mbira ija idafa patatha masabata anayi. Nyama zambiri, monga ng'ombe, mbuzi, galu, nkhuku ndi kalulu yemwe, zimadzipangira vitamini C m'thupi mwawo. Munthu, anyani ndi mbira sangathe kutero. Ayenera kuipeza m'chakudya. Chinthu chimenechi chidaululika mu 1907, pamene madokotala awiri a ku Norway, Axel Holst ndi Theodor Frølich, ankafufuza matenda amene ankagwira amalinyero pa maulendo aatali. Adadyetsa mbira tirigu ndi mbewu zina zouma zokhazokha, ndipo mbirazo zidadwala matenda otchedwa scurvy, a kutupa kwa nkhama ndi mfundo za mafupa. Atazipatsa kabichi wamuwisi ndi madzi a mandimu, matendawo adaleka. Kanyama konyozeka kameneka kadathandiza motero kuti anthu adziwe vitamini imene iwo eni sangakhale popanda iyo.

Tsono chimene madokotala aja adachita mwadala pofufuza, woweta watsopano amachichita mosadziwa pamene adyetsa mbira madeya ndi chimanga chokhachokha. Thupi la mbira silisunga vitamini C nthawi yaitali, ndipo zizindikiro zimaoneka patangopita masabata awiri kapena atatu: itsimphina kapena iyenda modumpha ngati miyendo yamangidwa, ilira ikagwidwa, ubweya uimirira, nkhama zituluka magazi, ndipo chilonda chilichonse chichedwa kupola. Mbira yaikulu ifuna mamiligalamu 10 kapena kuposerapo tsiku lililonse, ndipo ya bere kapena yodwala ifuna pafupifupi katatu kake. Muyeso umenewu ngwochepa kwambiri. M'magalamu 100 a gwafa muli mamiligalamu ngati 200, kotero kuti kachidutswa kamodzi kakwanira tsiku lonse. Tsabola wosawawa wa gilinipepa, masamba a repu ndi a mpiru, nazonso zili nayo yambiri. Masamba auwisi odzaza dzanja limodzi pa mbira iliyonse tsiku ndi tsiku ndiwo mankhwala ake. Vuto limakula kuyambira Ogasiti kufikira mvula yoyamba, pamene zobiriwira zasowa; amene afuna kuweta mbira ayambe waganiza kumene adzapeza masamba m'miyezi imeneyo, ndipo mzere umodzi wa m'dimba ausiyire ziwetozo.

Zipatso zikhale zochepa chifukwa cha shuga, ndipo kabichi asachuluke pakuti amadzaza mpweya m'mimba. Madeya apatsidwe pang'ono chabe, ngati chowonjezera. Chakudya cha m'sitolo cha akalulu kapena cha nkhuku sichiyenera: sichidapangidwe kuti chipereke vitamini C, ndipo china chimasakanizidwa ndi mankhwala amene mbira sigwirizana nawo. Pali zomera zina zimene zisalowe m'khola konse: masamba ndi mphukira za mbatatesi, masamba a tomato, anyezi, adyo, mapeyala ndi masamba ake, nsatsi, fodya, ndi masamba auwisi a chinangwa.

Ena amati mbira siimwa madzi. Imamwa ndithu, ndipo yaikulu ingathe kumwa mamililita ngati 100 pa tsiku, makamaka ikamadya zouma. Madzi aikidwe m'kambale kadothi kolemera kamene sikagubuduzika, ndipo asinthidwe m'mawa uliwonse, chifukwa mbira imapondamo ndi kuipitsiramo.

Mwana akaona mbira ikuweramira kumbuyo kwake ndi kudya zitosi zake, asaimenye kapena kuiyesa yodwala. Imatulutsa zitosi za mitundu iwiri, ndipo zofewazo imazidyanso kuti itengemo mavitamini ndi zakudya zimene zidatsala pa ulendo woyamba.

Masiku oyamba ndi kagwiridwe

Mbira yofika kumene isiyidwe mwabata masiku atatu kapena anayi, osaitulutsatulutsa kuti alendo aione. Ngati pakhomo pali kale mbira zina, yatsopanoyo ikhale payokha masabata awiri kapena atatu, kuti ngati yabwera ndi matenda aonekere isanasakanizidwe. Woidyetsa azibwera pa nthawi imodzimodzi ndi kulankhula motsitsa mawu. Posachedwa idzazindikira mapazi ake, ndipo idzamulonjera ndi likhweru lake lija. Yaing'ono ikakondwa imadumphadumpha ngati mbuliwuli m'chiwaya. Kumeneko si kudwala.

Siinyamulidwa ndi makutu, kapena ndi chikopa cha pakhosi, kapena ndi mwendo. Dzanja limodzi lilowe kunsi kwa chifuwa, lina lichirikize matako, ndipo itsamire pa chifuwa cha woinyamula. Mwana wamng'ono ayambe wakhala pansi asanapatsidwe mbira, pakuti ikagwa kuchokera m'manja mwa munthu woimirira ingathyoke msana.

Kuswana

Amene atenga yaimuna ndi yaikazi ayenera kudziwiratu masamu ake. Bere la mbira limatenga masiku 59 kufikira 72, kuposa kawiri bere la kalulu. Chifukwa cha ichi ana ake amabadwa okhwima: ali ndi ubweya, maso ali otsekuka, mano alipo kale, ndipo tsiku lomwelo ayamba kuyenda. Kawirikawiri amabadwa awiri, atatu kapena anayi. Make ali ndi mawere awiri okha, koma anawo amayamba kudya udzu m'masiku ochepa, ndipo aleka kuyamwa pakatha masabata atatu.

Msangamsanga umenewu ndiwo umadzidzimutsa woweta. Kamwana kakakazi kangathe kutenga bere kali ndi mwezi umodzi wokha, thupi lisanakhwime, ndipo wokapatsa bereyo akhoza kukhala atate ake kapena mlongo wake. Tsono tiana tatimuna tichotsedwe kwa make ndi kwa alongo awo pa masabata atatu. Make nayenso angathe kutenga bere lina patangopita maola ochepa ataswa. Yaimuna ikasiyidwa m'khola, iye aswa mosapumula mpaka afooka. Ichotsedwe masiku oswa asanafike. Posiyanitsa, woweta agoneke kamwana chagada m'dzanja: kunsi kwa kakakazi kumaoneka ngati chilembo cha Y, pamene kwa kakamuna, akasindikiza pang'ono ndi chala chakumtunda kwake, chiwalo chimatuluka.

Pali ngozi inanso imene ambiri saidziwa. Kuti ana aakulu chotero atuluke, mafupa a m'chiuno mwa make ayenera kutseguka. Mbira ikafika miyezi 6 kapena 7 isanaswepo, mfundo ya mafupawo imalimba, ndipo ikatenga bere loyamba pambuyo pake, kawirikawiri ana amakanirira, ndipo make afera pamodzi nawo. Choncho zazikazi ziwiri zimene zakhala chaka chathunthu popanda yaimuna zisabwerekeredwe yaimuna chifukwa choti ana a pakhomo alakalaka kuona tiana.

Matenda ndi mankhwala

Popeza mbira ndi nyama yosakidwa, imabisa matenda ake kufikira itafooka kwambiri. Amene ali ndi sikelo ya m'khitchini aziiyeza kamodzi pa sabata ndi kulemba m'kope. Yaimuna yaikulu imalemera magalamu 900 kufikira 1,200, ndipo yaikazi 700 kufikira 900. Ikatsika ndi magalamu oposa 50 m'sabata imodzi, pali chimene chalakwika. Kukana chakudya, kuchepa kwa zitosi, kutsegula m'mimba, dovu pachibwano, manthongo m'maso ndi kupuma kolira, zonsezi zifuna mlangizi kapena dokotala wa ziweto tsiku lomwelo. Podikira thandizo, yokana kudya ipatsidwe masamba osinja osakaniza ndi madzi, pang'onopang'ono, ndi sirinji yopanda singano, kuti matumbo asaime.

Chizolowezi cha kumidzi chotsegula kapisozi wa anthu ndi kuthira m'madzi a nkhuku yodwala chapha mbira zambiri. Penisilini, amoxicillin ndi mankhwala ena a mtundu umenewo amapha tizilombo tabwino ta m'matumbo a mbira, tizilombo toipa nkuchulukana ndi kutulutsa poizoni, ndipo m'masiku ochepa mbira itsegula m'mimba nifa. Alipo mankhwala amene mbira imalandira bwino, koma owasankha ndi kuwayeza ndi a zaziweto, ndipo woweta asachite manyazi kuwakumbutsa kuti nyamayi siigwirizana ndi penisilini.

Mbira yodzikanda kosalekeza, yothothoka ubweya pamsana ndi pamapewa, kawirikawiri ili ndi tinthata tolowa m'khungu, tosaoneka ndi maso. Kuyabwa kwake nkoopsa, kotero kuti ina imagwa ndi kuphupha ngati ya khunyu. Mankhwala ake ndi ivermectin, operekedwa molingana ndi kulemera kwa nyamayo, ndipo mbira zonse za m'kholamo zilandire pamodzi. Oilo wakutha wa galimoto, dibi ya ng'ombe ndi mankhwala a m'nkhokwe ophera anankafumbwe zisayandikire khungu lake, pakuti idzanyambita.

Zigamba zozungulira zopanda ubweya, zoyera ngati zawazidwa ufa, makamaka kumaso ndi m'makutu, ndi chipere, ndipo chipere chimenechi chimagwiranso anthu. Mbira yotere ipatulidwe, udzu wa m'khola lake utenthedwe, ndipo ana asaigwire kufikira itachira. Ngakhale mbira zili bwino, aliyense wozigwira kapena wosesa m'khola asambe m'manja ndi sopo asanakhudze chakudya, ndipo khola lisaikidwe pafupi ndi pamene pamakhala mtsuko wa madzi akumwa.